Dayisi Ikamaononga Nkhani: Malangizo kwa Wotsogolera Dungeons & Dragons

Malamulo a Dungeons & Dragons anabadwira kunkhondo. Gary Gygax ndi Dave Arneson powatulutsa mu 1974 anatengera zambiri ku Chainmail, masewera a tiasilikali ta pathebulo a mu 1971. Mpaka lero buku la osewera limathera masamba ambiri pa kamenyedwe ka zilombo, pomwe kukambirana ndi mfumu kumangodalira kuponya dayisi kamodzi. Gulu lanu likafuna zina osati ndewu, inu wotsogolera muyenera kusoka nokha pong'ambikapo.

1. Yambani ndi kufunsa. Musanajambule mapu, khalani pansi ndi anzanu mumve chomwe chawabweretsa. Amene wakonza msilikali wa nkhwangwa adzaodzera mukamuika m'bwalo la milandu masabata anayi.

2. Pofufuza mlandu, musabise umboni kuseri kwa dayisi. Tiyerekeze kuti mwini nyumba ya alendo wapezeka atafa, ndipo pansi pa bedi pali kalata yopsa mbali imodzi. Wosewera waponya d20, dayisi ya mbali 20, yagwa pa 3. Kalata sanaione, nkhani yaima, onse akungoyang'anana. Robin D. Laws anathetsa vutoli m'malamulo a GUMSHOE mu 2006: munthu waluso akafufuza pamalo oyenera, umboni aupeza basi. Chitani chomwecho. Wasuzumira pansi pa bedi? Mpatseni kalatayo. Dayisi ingoweruza ngati alonda amva phokoso, kapena ngati wazindikira dzanja la wolembayo. Tengeraniponso langizo la Justin Alexander: mfundo iliyonse yomwe mukufuna kuti osewera aitulukire, ikonzereni maumboni atatu.

Kumbukirani matsenga. Speak with Dead imalola kufunsa mtembo mafunso asanu, koma mtembo umangodziwa zimene unkadziwa uli moyo. Choncho wakuphayo adzere kumbuyo, malemu angokumbukira fungo la fodya. Zone of Truth imaletsa bodza, koma siikakamiza munthu kuyankha. Wochenjera adzazemba funso popanda kunama.

3. Pokaba m'nyumba yachifumu, dulani makonzedwe. Osewera amatha maola awiri akupangana, kenako mmodzi alephera kunyang'ama ndipo zonse zisanduka ndewu. Bwerekani nzeru ya John Harper mu Blades in the Dark ya 2017. Alowetseni m'nyumbamo msanga. Akakumana ndi mlonda, wina atha kunena kuti, "Uyu ndinamupatsa kangachepe dzulo," ndipo muponye dayisi kuona ngati zinathekadi. Jambulaninso bwalo papepala, muligawe zigawo 6. Akalakwitsa, detsani chigawo chimodzi. Belu la alonda lilire pokhapokha bwalo lonse lada. Mudzaona manja akunjenjemera chigawo chachisanu chikadetsedwa.

4. Pa ulendo wa njala, gwirizanani za matsenga a chakudya. Goodberry imabala zipatso 10, ndipo chimodzi chimakhutitsa munthu tsiku lonse. Chipululu chilibenso mano pamenepo. Pemphani gulu kuti matsengawa achotsedwe kapena akhale ovuta kupeza. Dungeon Master's Guide ya 2014 ilinso ndi njira ina yopumira, yochedwetsa kuchira kwa mabala: kupuma kwakufupi ndi maola 8, kwakutali masiku 7. Bala la Lolemba limapwetekabe Lachinayi.

5. Pa ndale za kunyumba ya mfumu, lembani zinthu zitatu za nduna iliyonse: chomwe ikufuna, chomwe ikuopa, ndi amene ili naye ngongole. Wosewera akabwera ndi chinthu chokhudza chimodzi mwa izi, nduna igonje popanda dayisi. Akabwera chimanjamanja, ngakhale dayisi itagwa pa 20, mfumu siingamusiyire mpando. Ingomuseka m'malo momuponya m'ndende.

6. Zigamba zikachuluka, sinthani masewera. Nkhani zoopsa n'zovuta kwambiri, chifukwa ngwazi yomwe imadzuka yochira m'mawa uliwonse siopa mdima. Call of Cthulhu, yomwe Chaosium inatulutsa mu 1981, inapangidwira anthu ofooka amene misala ikuwayandikira. Ngati pepala la malamulo anu oonjezera latalika kuposa nkhani yomwe mwakonza, tsekani buku la D&D kwa sabata imodzi, muyese lina. Zilombo za m'phanga zidikira.