VM ya seva yakale ikakana kuyaka, yambani ndi host

CentOS 7 inatuluka mu 2014, ndipo oyang'anira maseva ambiri anaikonda chifukwa inali yaulere komanso yosavutavuta. Thandizo lake linatha pa 30 Juni 2024, koma mpaka lero ikadasenza mawebusaiti a masukulu, mabungwe ndi makampani, nthawi zambiri ili mkati mwa VM yomwe imayendera pa kompyuta yeniyeni yotchedwa host. Mkati mwake mumapezeka Apache 2.4.6, PHP 5.4 ndi MariaDB 5.5. Seva yotere imatha kugwira ntchito zaka osazimitsidwa, kenaka magetsi akathima n'kubwerera, webusaiti osaonekanso. Malangizo ano ndi a VM yoyendera pa KVM ndi libvirt, yomwe tiitchule kuti webu. Amene muli pa VirtualBox kapena VMware malamulo asiyana, koma ndondomeko ndi yomweyi: host choyamba, kenaka VM, Apache pomaliza.

Musanakonze chilichonse, koperani disiki. Ili ndilo gawo lomwe ndimaliumirira kwambiri, chifukwa deta yambiri imatayika pokonza mothamanga kusiyana ndi pa ngozi yeniyeniyo. Pa host lembani `virsh list --all` kuti muone ngati VM yazima, ikuyenda kapena yaima. Kenaka `virsh domblklist webu` ikuuzani komwe kuli fayilo ya disiki, kawirikawiri `/var/lib/libvirt/images/webu.qcow2`. VM ili chizimire, koperani fayiloyo pa disiki ina yakunja ndi `cp --sparse=always`. Zitenga nthawi, ndipo abwana akhala akuimba foni kufunsa kuti webusaiti ibwera liti. Auzeni moona kuti mukuteteza deta yawo. Zonse zoopsa zomwe zikubwera m'munsimu muziyese pa kope kaye.

Tsopano funsani host. Ngati `virsh list` yalemba kuti paused, VM sinawonongeke. Disiki ya qcow2 imakula pang'onopang'ono pamene deta ikuchuluka, ndipo malo akatha pa host, QEMU, pulogalamu yoyendetsa VM, imaimitsa VM dala kuti isalembe zinthu zodukaduka. Onani ndi `df -h`. Mukapeza 100%, chotsani ma ISO akale kapena kusamutsa mafayilo osafunika, kenaka `virsh resume webu`. Musafufute fayilo iliyonse ya qcow2 chifukwa choti dzina lake likuoneka lakale. Ikhoza kukhala maziko a snapshot yomwe VM ikugwiritsa ntchito, ndipo `qemu-img info --backing-chain` ndiyo ingakuuzeni zoona.

Ngati VM yazima, lembani `virsh start webu` n'kuwerenga uthenga wonse mofatsa, komanso mizere yomaliza ya `/var/log/libvirt/qemu/webu.log`. Uthenga wodandaula za KVM kapena `/dev/kvm` umaloza ku BIOS. Pa host yokalamba, kabatire ka CR2032 ka pa motherboard kakatha mphamvu, kuthima kwa magetsi kumabwezera BIOS momwe inachokera ku fakitale, ndipo pa makina ena VT-x ya Intel kapena AMD-V imazima pamenepo. Lowani mu BIOS, yatsaninso, ndipo gulani kabatire katsopano tsiku lomwelo. Onaninso deti ndi `date`, chifukwa kabatire komweko ndi kamene kamasunga koloko, ndipo VM imatenga nthawi yake kwa host poyaka. Koloko yolakwika idzakusokonezani kutsogoloku pa nkhani ya masatifiketi. Ngati log ikunena za disiki yowonongeka, yendetsani `qemu-img check` pa kope lija. Ikangonena za leaked clusters, palibe choopsa, ndi malo otayika chabe. Ikanena za corruptions, yesani `qemu-img check -r all` pa kope, muone ngati likuyaka.

Host ikakhala bwino, VM n'kuyaka koma osafikirika pa netiweki, siyani kulimbana ndi SSH. Tsegulani virt-manager muone sikirini ya VM ndi maso anu. Nthawi zambiri mupeza mawu akuti emergency mode, ndipo zoyambitsa zake zodziwika ndi zitatu.

Yofala kwambiri magetsi akathima ndi XFS, yomwe CentOS 7 imaika yokha pokhapokha munasankha ina. XFS imasunga kaundula wa zomwe inali pakati polemba, ndipo ikayaka imamalizitsa ntchitoyo. Ikalephera, imakana kutsegula disiki. Pa sikirini yangoziyo lembani `xfs_repair /dev/mapper/centos-root`, disikiyo isanamangidwe ndi mount. Ngati kaundula uja ali ndi zotsalira, pulogalamuyi ikana ndipo ikuuzani kuti muyese kaye mount kuti zimalizike zokha. Mverani. Yesani mount, kenaka umount, n'kubwereza xfs_repair. Pokhapokha mount itakaniratu m'pamene mungalembe `xfs_repair -L`. Anthu ambiri amathamangira `-L` chifukwa imadzutsa makina msanga, koma chomwe imachita ndi kufufuta kaundulayo, ndipo zomwe zinalembedwa komalizira zikhoza kutayika, kuphatikizapo mbali za database. Mukamaliza, suzumirani mu `lost+found` muone mafayilo omwe asowa kwawo.

Yachiwiri ndi `/etc/fstab`. Mwina muli mzere wa disiki ya backup kapena foda ya pa seva ina yomwe inachotsedwa kalekale, ndipo palibe anadziwa chifukwa VM sinazimepo chichotsereni. Ikani `#` kumayambiriro kwa mzerewo, kapena onjezerani `nofail` ngati disikiyo idzabwerera.

Yachitatu imagwera amene angosamutsa VM kuchoka pa VMware kapena VirtualBox kupita pa KVM. Sikirini imadzaza ndi `dracut-initqueue timeout` n'kumaliza ndi kunena kuti disiki ya root kulibe. Disiki ilipo, koma initramfs yakale ilibe madalaivala a virtio. Pa menyu ya GRUB sankhani mzere wokhala ndi mawu akuti rescue, womwe umanyamula madalaivala ochuluka, ndipo mukalowa lembani `dracut -f --regenerate-all`. Netiweki nayo imasowa pa kusamukaku: MAC yasintha, koma `HWADDR` ya mu fayilo ya ifcfg mu `/etc/sysconfig/network-scripts/` ikadali yakale. Yerekezani ndi zomwe `ip link` ikuonetsa, dzina la khadi ndi MAC yomwe, n'kukonza.

VM ikafika pofunsa dzina ndi pasiwedi, mwatsala ndi Apache ndi anzake. Lembani `systemctl status httpd mariadb`, kenaka `apachectl configtest`, n'kuwerenga kumapeto kwa `/var/log/httpd/error_log`. Apa pali uthenga umodzi wosocheretsa kwambiri, wakuti `No space left on device`. Tanthauzo loyamba ndi lodziwikiratu, disiki yadzaza, mwina ndi ma log a zaka zambiri. Koma `df -h` ikaonetsa malo ambiri, lembani `df -i`. Ma inode amatha pamene timafayilo ting'onoting'ono tachulukitsa, makamaka pa disiki ya ext4, ndipo malo oyamba kuyang'ana ndi `/var/lib/php/session`. Zonse ziwiri zikakhala bwino koma uthengawo ukutchula mutex, vuto ndi ma semaphore omwe Apache inasiya nthawi zomwe inafa mwadzidzidzi. `ipcs -s` iwaonetsa pansi pa dzina la apache, ndipo httpd ili chizimire mumawachotsa ndi `ipcrm -s` ndi nambala yake.

Webusaiti yomwe imadzuka n'kugwanso pakapita maola imakhala ndi vuto la RAM. Fufuzani mawu akuti `Out of memory` mu `/var/log/messages`. Mukawapeza, kawirikawiri yophedwa imakhala mysqld ya MariaDB, chifukwa ndiyo imadya RAM yambiri pa yokha, ngakhale olakwa enieni ali ma process a Apache. Apache ya pa CentOS 7 imabwera ndi prefork, yomwe imalola ma process 256 ngati simunaiuze china. Tiyerekeze kuti iliyonse ikudya 40 MB: onse pamodzi apitirira 10 GB, pa VM yomwe mwina ili ndi 2 GB. Yezani kukula kwa anu ndi `ps` kapena `top`, siyirani MariaDB gawo lake, ndipo RAM yotsalayo muigawe ndi kukula kwa process imodzi. Yankho lake ndilo mulembe pa `MaxRequestWorkers`. Alendo ena adikira pang'ono nthawi yotanganidwa, koma seva siigwa.

Ngati MariaDB ikukana kuyaka, `/var/log/mariadb/mariadb.log` inena chifukwa. InnoDB ikawonongeka, ikani `innodb_force_recovery=1` pansi pa `[mysqld]` mu `/etc/my.cnf`, mukweze nambalayo imodziimodzi pokhapokha yakana. Kuyambira pa 4 deta ikhoza kuwonongekeratu. Ikangoyaka, tulutsani zonse ndi `mysqldump` nthawi yomweyo. Ndipo mukakumana ndi `Permission denied` pa mafayilo omwe mwabwezera kuchokera ku backup, musazimitse SELinux. Pa seva yomwe sikulandiranso zigamba, SELinux ndi chimodzi mwa zotchinga zochepa zomwe zatsala. `restorecon -Rv /var/www` imathetsa ambiri mwa mavuto amenewa.

Penapake mufuna kuika pulogalamu ndi yum, ndipo idzakuyankhani kuti `Could not resolve host: mirrorlist.centos.org`. Musataye nthawi ndi DNS yanu. Adiresi imeneyo inatsekedwa thandizo la CentOS 7 litatha, ndipo mapaketi anasamutsidwira ku vault.centos.org. Tsegulani `/etc/yum.repos.d/CentOS-Base.repo`, ikani `#` pa mizere ya `mirrorlist`, ndipo pa gawo la base lembani `baseurl=http://vault.centos.org/7.9.2009/os/$basearch/`. Pa magawo a updates ndi extras chitani chimodzimodzi, kusintha `os` kukhala `updates` ndi `extras`. Malizani ndi `yum clean all` ndi `yum makecache`. Yum ikadzuka, yambani ndi `yum update ca-certificates`. Satifiketi yakale ya DST Root CA X3, yomwe Let's Encrypt inkadalira, inatha ntchito pa 30 Sepitembala 2021, ndipo OpenSSL 1.0.2 ya mu CentOS 7 imapunthwa nayo ngati ikadali pa mndandanda wa masatifiketi odalirika. N'chifukwa chake PHP pa seva yosakonzedwa imadandaula kuti satifiketi ya webusaiti ina yatha pamene foni yanu ikuitsegula bwinobwino.

Dziwani kuti vault ndi mosungira zakale basi. Mulibe chigamba chatsopano chingakhale chimodzi, ndipo bowo lililonse lachitetezo lomwe lapezeka chithereni Juni 2024 likadali lotseguka pa seva yanu. Webusaiti ikangobwerera, sabata yomweyo yambani kumanga VM yatsopano ya AlmaLinux 9 kapena Rocky Linux 9, zomwe zili ndi thandizo mpaka 2032. AlmaLinux ili ndi chida chotchedwa ELevate chokwezera CentOS 7 pamalo pomwepo, koma pa makina omwe disiki yake yangokonzedwa kumene ine ndimasankha kumanga mwatsopano n'kusamutsa mafayilo ndi dump ya database.

Misampha iwiri ikukudikirani pamenepo. Woyamba ndi wakuti mtundu wa 9 umafuna purosesa ya mulingo wa x86-64-v2, choncho VM yopatsidwa purosesa yongoyerekeza ya qemu64 kapena kvm64 imafa poyaka ndi uthenga wa glibc. Ikani CPU pa `host-passthrough`, ndipo ngati purosesa ya host yeniyeniyo ndi yakale kuposa mulingowo, gwiritsani ntchito mtundu wa 8, womwe thandizo lake lifika 2029. Wina ndi wa PHP: malamulo akale monga `mysql_connect` anachotsedwa mu PHP 7.0, kotero webusaiti yolembedwera 5.4 ingathe kungoonetsa tsamba loyera mpaka wolemba mapulogalamu atailembanso ndi mysqli kapena PDO. Yesani tsamba lililonse lofunika, makamaka lolowera ndi lotumizira mafomu, musanasamutse adiresi.

Tsiku losamukalo, zimitsani VM yakale koma musaifufute kwa mwezi kapena iwiri. Lembaninso `virsh autostart --disable webu`, apo ayi magetsi akadzathima ulendo wina idzadziyatsa yokha n'kuyamba kulimbirana IP ndi seva yatsopano.