PHUNZIRO: BWANA WACIKRISTU NDI WANCHITO WODWALA

M'Malembo Oyera tipezamo mabwana awiri amene anchito ao adadwala. Woyamba ali m'buku loyamba la Samuele, mutu 30. Anthu a Davide adatola mnyamata wa ku Ejipito ali gone m'thengo, atakhala masiku atatu osadya, osamwa. Mbuye wace, Mwamaleki, adamtaya panjira cifukwa adadwala. Davide adampatsa cakudya ndi madzi, ndipo mnyamata yemweyo ndiye adalondolera Davide kumene Aamaleki adamanga zithando, nagonjetsedwa.

Waciwiri ali m'Mthenga wa Luka, mutu 7: mkulu wa asilikali wa ku Kapernao. Wanchito wace atadwala pafupi kufa, iye adatuma akulu a Ayuda kukapempha Ambuye Yesu kuti amciritse. Ambuye adayamika cikhulupiriro cace, ndipo mau ace odzicepetsa tiwabwereza pa Misa iriyonse tisanalandire Ukaristia. Funso la phunziro lathu ndi ili: pa mabwana awiriwa, ife tifanana ndi uti?

Musaganize kuti bwana ndi mwini kampani yekha. Amene ali ndi cigayo, sitolo kapena munda wa fodya, amene adalemba mlonda, wophika kapena wolera mwana, onsewa ndi mabwana. Parishi nayonso iri ndi anchito ace, ndipo iyenera kutsogolera pa cilungamo.

ZIMENE BOMA LILAMULA

M'Malawi muno muli lamulo la za nchito la caka ca 2000. Ndime 46 ya lamuloli inena kuti munthu amene wagwira nchito miyezi 12 yosadukiza, akadwala nabwera ndi kalata ya dotolo, alandire malipiro athunthu kwa masabata 4, ndi theka la malipiro kwa masabata 8 otsatira, pa caka ciriconse. Motero wophika akagona masabata 10, bwana amlipire zonse pa masabata 4 oyamba, ndi theka pa masabata 6 otsalawo.

Ndime 47 ipatsa mai wobereka masabata 8 opuma ndi malipiro athunthu, kamodzi pa zaka zitatu. M'caka ca 2021 Nyumba ya Malamulo idaonjezapo kuti bambo nayenso apume masabata awiri mwana akabadwa. Lamulo lomweli liletsa kucotsa munthu nchito cifukwa ali ndi pakati, kapena cifukwa adajomba kanthawi ndi matenda. Wolakwiridwa angathe kukadandaula ku ofesi ya Leba, ndipo zikakanika kumeneko, mlandu upita ku bwalo loweruza za nchito.

Ziwerengerozi ndi malire a pansi. Bwana angathe kupatsa zoposa, koma sangathe kucepetsa.

NANGA WODWAZIKA?

Ndime zimenezi zinena za matenda a wanchito mwini ndi za ucembere. Koma tonse tidziwa kuti kwathu kuno wodwala sagona yekha m'cipatala: pafunika mbale womphikira, womsambitsa ndi womcezera usiku. Maiko ena adaikapo lamulo pa zimenezi. Ku America lamulo la 1993 lilola wanchito kucoka masabata 12 pa caka kukadwazika mwana, kholo, mkazi kapena mwamuna wace, popanda malipiro, koma malo ace a nchito asungidwa. Likhudza makampani a anchito 50 kapena kuposa. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri agwira nchito, lamulo la 1997 lipatsa masiku atatu olipidwa pa caka mwana akadwala kapena pakagwa maliro a m'banja.

Mkristu asadikire kuti boma limkakamize pa ciriconse. Mlonda wanu akapempha masiku oti akadwazike mwana wace, pangana nayeni mwamtendere, ndipo musamdule malipiro ngati mungathe. Akulu adati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

ZIMENE EKLEZIA APHUNZITSA

Papa Leo XIII, m'kalata yace ya 1891 yochedwa Rerum Novarum, adacenjeza mabwana kuti asaone anchito ngati akapolo, ndipo asawasenzetse nchito yoposa mphamvu zao. M'caka ca 1981 Papa Yohane Paulo II, m'kalata yochedwa Laborem Exercens, adaphunzitsa kuti malipiro ayenera kukwanira banja, ndi kuti wanchito apeze cithandizo ca mankhwala mosabvuta, makamaka akapwetekeka pa nchito. Katekisimu naye awerengera kumana wanchito malipiro ace pakati pa macimo opfuulira kumwamba, potsata kalata ya Yakobo Woyera, mutu 5.

Cifukwa cace ncosabvuta kumva. Khasu likathyoka mpini tiliika pambali, koma munthu adalengedwa m'cifaniziro ca Mulungu. Tsiku limene wanchito alephera kudzuka ndilo tsiku limene banja lace lisowa ndalama koposa: ya galimoto yopita ku cipatala, ya mankhwala, ya ufa. Kumdula malipiro tsiku lomwelo ndiko kumtaya m'thengo monga adacitira Mwamaleki uja. Bwana amene adacita zotere asakhutire ndi kulapa kokha. Lamulo lacisanu ndi ciwiri limuuza kubweza zimene adamana mnzace.

Wanchito nayenso ali ndi udindo. Adziwitse bwana wace msanga, abwere ndi kalata yoona ya dotolo, ndipo akacira abwerere ku nchito. Wonamizira matenda kuti akalime munda wace aba ndalama za bwana, naumitsa mtima wa bwanayo kwa anzace odwaladi.

MAFUNSO A PA MSONKHANO

Aphunzitsi awerenge phunziroli pa mphakati, nafunse akristu motere:

1. Kodi wanchito wodwala alandira malipiro otani, ndipo kwa masabata angati?
2. Kodi anchito a m'nyumba zathu ndi a pa parishi yathu adziwa zimenezi?
3. Alipo kodi amene tidamcotsa kapena kumdula malipiro ali cidwalire? Tidzambwezera liti?