Mau Akuti "Basi" ndi "Kaya" M'chicheŵa cha ku Chitungwiza

Tauni ya Chitungwiza inakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza madera a Seke, Zengeza ndi St Mary's. Kumeneko kuli mabanja ambiri amene makolo ao anachokera ku Nyasaland kudzafuna ntchito, makamaka m'nthaŵi ya Chitaganya (1953-1963). Ngakhale malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 amaŵerengera Chicheŵa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, adzukulu ambiri amakula akuyankhula Chishona. Maina ndi aneni amawagwira msanga; chimene chimawasokoneza ndi timau tosonyeza mtima wa woyankhula.

Taonani zitsanzo izi:

(1) Maŵa ndipita kumudzi basi.
(2) Basi, mdzukulu wanga, ife ndife matchona.

Mu (1) "basi" ali kumapeto ndipo akutseka mtsutso: munthuyo watsimikiza, monga mmene akadanenera kuti "zivute zitani". Mu (2) "basi" ali koyamba, ndipo pambuyo pake pamakhala kupuma pang'ono. Agogowo sakulamula kanthu. Akuvomereza kuti anatchona, sadzaonanso kwao. Malo a mauwa m'chiganizo si lamulo losasweka, pakuti "Basi, tiyeni!" ndi mau a munthu wotsimikiza, chimathandiza ndi kamvekedwe ka liu ndi mneni wotsatira.

Vuto la wophunzira nlakuti Chishona chimagaŵa ntchito imeneyi kwa mau angapo: "chete" polekezera, "zvakwana" pamene zakwanira, "todii" pamene palibe chochita. Mdzukulu amene waphunzira kuti "basi" ndi "zvakwana" angamve (2) ngati kumuletsa kufunsa, nakhala chete pamene agogo amafuna kuyamba kusimba za kwao.

"Kaya" ngosavuta, popeza amafanana ndi "hameno". Komabe "Kaya, Mwini wake ndiye adziŵa" ndi mau odzipereka, oyenera pamaliro, pomwe "kaya zanu izo" ndi kusamba m'manja, ndipo mwana sangawanene kwa wamkulu popanda kuoneka wamwano.

Zotere sizili m'zinenero za Chibantu zokha. Chikantoni cha ku Hong Kong chili ndi timau ta kumapeto monga "laa" ndi "lo", ndipo "syun laa" amanenedwa ndi munthu amene wagonja, wofuna kuti nkhani ithere pomwepo. Kusiyana kwake nkwakuti timauto timakhala kumapeto, pamene "basi" amayenda m'chiganizo.