Kandege Kojambula Makanema Kamauluka Bwanji?

Kandege ka drone kamakhala ndi mapiko anayi ozungulira. Awiri amazungulira chakumanja, awiri chakumanzere. Onse akanalowera mbali imodzi, kandegeko kakanangozungulira ngati nguli. Kuti kapite kutsogolo, mapiko akumbuyo amawonjezera liwiro, kandege n'kupendekeka. Nanga bwanji chithunzi sichipendekeka? Kamera imamangidwa pa kachipangizo kotchedwa gimbal, ndipo timainjini take timaiwongola nthawi yomweyo. Vuto ndi batire: kawirikawiri limatha pa mphindi 20 mpaka 30.

Kuno kwathu, boma ndi UNICEF adatsegula malo oyesera tindegeti ku Kasungu mu 2017.

Koma inu ophunzira, kumbukirani kuti mabafa ambiri m'midzi mwathu alibe denga. Musanaulutse kandegeka pamwamba pa mpanda wa eni, yambani mwawapempha. Pafupi ndi bwalo la ndege musayerekeze n'komwe.