Tiphunzirepo Chiyani pa Nkhondo ya ku Iraq?

Abambo ansembe, makolo ndi anzanga a m'seminale, ndikufuna tiganizire limodzi za nkhondo ya ku Iraq ya mu 2003.

Boma la Pulezidenti George W. Bush linkanena kuti Saddam Hussein akubisa zida zoopsa zophera anthu miyandamiyanda. Nyuzipepala zambiri za ku America zinafalitsa zimenezi osafufuza mokwanira. Akatolika ena ogwirizana ndi Bush, monga Michael Novak, anati nkhondoyo ndi yolungama. Koma Papa John Paul II anakana, natuma Kadinala Pio Laghi kukachonderera Bush kuti asayambe nkhondo.

Katekisimu wa Mpingo, ndime 2309, amaphunzitsa kuti dziko lingagwire zida podziteteza pokhapokha choopsacho chili chotsimikizika, ndipo njira zina zonse zalephera. Ku Iraq zida zija sizinapezeke. Mu 2004 nyuzipepala ya New York Times inavomera kuti sinafufuze bwino, koma anthu ambiri anali atafa kale.

Tsono ine ndikuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikamva pa wailesi kuti nkhondo ndi yofunika, tizifunsa: wanena ndani, umboni wake uli kuti, nanga njira za mtendere zayesedwa zonse?