Azakhali Akuyankha: Mankhwala ndinamwa, koma m'mimba mukutenthabe

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 34, ndimayendetsa minibasi. Nditavutika ndi m'mimba kwa nthawi yaitali, kuchipatala anandiyeza n'kundiuza kuti ndili ndi tizilombo totchedwa H. pylori, tomwe timayambitsa zilonda za m'mimba. Anandipatsa mankhwala a masabata awiri, ndipo ndinamwa pafupifupi onse. Koma mpaka pano chilungulira sichikundisiya. Ndikangodya pang'ono mimba imafufuma, ndimangogeya, ndipo usiku ululu umandidzutsa. Ndimamwa mkaka kapena soda wosungunula m'madzi, msana ukamapweteka ndimamwa Brufen. Ndinakayezetsanso magazi, akuti tizilomboto tikuonekabe. Anzanga pa depoti akuti amenewa si matenda a kuchipatala, mayi a kunyumba anandidyetsa kondaine. Ndithandizeni.

Wovutika, Bangwe

Mwana wa achimwene anga,

Choyamba, apongozi anga uwasiye. Akanakhala kuti anakudyetsa kondaine, bwenzi ukufika pakhomo dzuwa lisanalowe, osati pakati pa usiku ukununkha kanyenya.

Tizilombo tako timadziwika bwino, ndipo anthu ochuluka zedi padziko lapansi ali nato, ambiri osadziwa n'komwe. Mu 1984 dokotala wa ku Australia, Barry Marshall, anatimwa dala pofuna kutsimikizira anzake kuti n'timeneti timatupitsa chifu. Anadwaladi, ndipo mu 2005 iye ndi mnzake Robin Warren analandira mphoto ya Nobel. Nanga madokotala ako a pa depotiwo analandira mphoto yanji?

Tsopano tiye ku mlandu wako. Wati unamwa pafupifupi onse, ndiye kuti ena ali m'thumba la jekete. Mankhwala amenewa nthawi zambiri amakhala mitundu itatu: omeprazole wochepetsa asidi, ndi awiri opha tizilombo, monga amoxicillin ndi clarithromycin kapena metronidazole. Ukawasiyira panjira chifukwa wayamba kupeza bwino, tizilombo totsala timatha kuwazolowera, ndipo ulendo wachiwiri satigwiranso. Otsalawo usayambe kuwamwa pawekha. Pita ukawauze adokotala chilungamo, manyazi uwasiye pa geti.

Za kuyezetsa magazi zisakusowetse tulo. Magazi amasunga chizindikiro chakuti thupi linalimbanapo ndi tizilomboti kwa miyezi ngakhale zaka titatha kale, choncho sangakuuze ngati wachira. Chimene chimanena zoona ndi kuyeza chimbudzi, kapena mpweya wopuma kumene zipangizo zake zilipo. Uyezetse patapita masabata osachepera 4 chimalizireni mankhwala opha tizilombo, komanso utasiya omeprazole kwa masabata 2, apo ayi tizilombo timabisala. Koma za kusiyazo upangane ndi adokotala. Tikapezeka, adzakusinthira mankhwala.

Tikapanda kupezeka, usadabwe kuti ululu ulipobe. Khungu la m'kati mwa chifu likatupa limatenga masabata, mwina miyezi, kuti lipole. Mankhwala opha tizilombo nawonso amasokoneza tizilombo tabwino ta m'matumbo, n'chifukwa chake mpweya umachuluka. Kwa anthu ena chifu chimatsala chamantha, chimamva kuwawa ngakhale mulibe chilonda. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe.

Koma kudekha sikuthandiza ngati tsiku ndi tsiku ukukanda pabala. Brufen, aspirin, diclofenac ndi Indocid zimafooketsa chitetezo cha khungu la chifu, ndipo kwa munthu wa zilonda zimatha kuyambitsa kutaya magazi. Msana ukavuta, Panado ndiye wachifundo, bola osapitirira muyezo. Mkaka umaziziritsa kwa kanthawi kenako asidi amabwerera. Soda amadzaza mpweya m'mimba, ndipo mchere wake sugwirizana ndi kuthamanga kwa magazi. Ameneyo mubwezere ku therere komwe unamuba.

Kadyedwe ka madalaivala ndimakadziwa. M'mawa tiyi wowawa m'mimba mulibe kanthu, masana chipisi cha pachiwaya chosambira m'mafuta, kambuzi pamwamba, chakumwa cha gasi pambali. Usiku mitanda isanu ya nsima, kenako thapsa pabedi. Tsabola sayambitsa zilonda, koma kwa ambiri amakolezera ululu. Idya pang'onopang'ono koma kangapo patsiku: phala m'mawa, nthochi kapena mbatata yophika m'galimoto, nsima yapakatikati ndi masamba kapena nsomba yosakazinga. Ukadya madzulo, papite maola awiri kapena atatu usanagone, ndipo ukweze miyendo ya bedi ya kumutu ndi njerwa. Chakudya chimene waona kuti chimakuvuta uchisiye kaye, koma usadzimane zonse mpaka kuwonda. Fodya amachedwetsa kupola kwa chilonda. Mowa nawo uyambe wapuma, makamaka ukapatsidwa metronidazole, chifukwa ziwirizi zikakumana ungasanze mpaka kuitana makolo onse.

Apa tsono nthabwala ndaika pansi. Ukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula la pamsewu usakumwa mankhwala owonjezera magazi, ukasanza magazi kapena zakuda, ukamva ululu wadzidzidzi mimba n'kuuma gwa, thamangira kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakhale pakati pa usiku. Ukamawonda osadziwa chifukwa, chakudya chikamakukakamira pakhosi, ukamasanza pafupipafupi kapena kuchita chizungulire ndi kufooka, usadikire mwezi uthe. Zikatero madokotala amaunika m'mimba ndi kachubu kokhala ndi kamera, ndipo iwe wa ku Bangwe angakutumize ku Queen Elizabeth Central Hospital. Tizilomboti tikakhalitsa, mwa anthu ochepa timayambitsa khansa ya m'mimba. Sindikukuopseza, ndikungofuna kuti kuyezetsa kwachiwiriku usakunyozere.

Tizilomboti timafala kudzera m'malovu, m'madzi ndi m'chakudya chodetsedwa, kawirikawiri pakati pa anthu a nyumba imodzi. Choncho sopo pochokera kuchimbudzi ndi musanadye, madzi akumwa owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo wina aliyense pakhomopo amene akudandaula m'mimba akayezetse naye.

Ukayezetsa chimbudzicho undilembere. Unditumizire zotsatira zokha, mwana iwe, kabotolo ukasiye konko kuchipatala.

Ndine azakhali ako.