Malangizo Omangira Nyumba Yodzidalira Kumene Magetsi Sanafike

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira ndi magetsi a ESCOM. Chiwerengerocho chakwerako, koma kumidzi yambiri mapolo sanafikebe. Ngakhale a m'tauni akukumbukira zimene zinachitika mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, magetsi n'kumazimazima kwa nthawi yoposa chaka. N'chifukwa chake anthu ambiri tsopano akufuna nyumba yoti izidzipezera yokha kuwala, madzi ndi moto wophikira.

Vuto ndi lakuti ambiri amayambira kumapeto. Amathamangira kukagula sola, pamene nyumbayo ndi yotentha masana, yamdima m'kati, ndipo mayi akuphikabe pa mafuwa. Sola ibwere pomalizira. Nyumba yomangidwa mwanzeru imafuna magetsi ochepa, ndipo zambiri zimene zimaichititsa kutero sizilira ndalama.

1. Onani malo mvula ikugwa

Musagule kapena kulandira malo mutangowaona m'chilimwe. Pitaniponi mu Januwale kapena Febuluwale, muone kumene madzi amachokera ndi kumene amathera. Funsaninso achikulire a m'deralo, amadziwa khwawa lililonse limene linakwiririka. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo ku Chilobwe matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba zomangidwa m'njira ya madzi. Pewani m'munsi mwa phiri lopanda mitengo. Pewaninso dambo: dothi la makande limafufuma likanyowa n'kung'aluka likauma, ndipo khoma limang'aluka nalo limodzi. Za umwini wa malo zitheretu kwa amfumu kapena ku khonsolo musanagule ndi thumba limodzi lomwe la simenti.

2. Nyumba iyang'ane kuti?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi paulere. Dziko lathu lili kumwera kwa ikweta. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limayenda mopendekera kumpoto, mu Okutobala ndi Novembala limadutsa pamutu penipeni, mu Disembala limapendekera pang'ono kumwera. Dzuwa la masana lili pamwamba, choncho denga lotulukira kunja limalitchinga mosavuta. Lovuta ndi la cha m'ma 3 koloko madzulo, limene limamenya khoma lakumadzulo chamchammbali. Khomalo limasunga kutenthako n'kumakutulutsa usiku, anthu akufuna kugona.

Choncho makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kumwera, aafupi ayang'ane kum'mawa ndi kumadzulo. Kumadzuloko ikani chipinda chosungira katundu kapena bafa, osati chipinda chogona, ndipo musaikeko windo lalikulu. Nyumba yoyalidwa chonchi imakupatsaninso mbali imodzi ya denga yoyang'ana kumpoto, komwe mudzaike mapanelo a sola.

Amisiri ambiri amangoyang'anitsa nyumba kumsewu chifukwa ndi mmene anazolowerera. Tsiku limene mmisiri akukhoma zikhomo ndi kukoka chingwe, inu mukhalepo. Imirirani pakati pa puloti m'mawa, dzanja lamanja lilozere kotulukira dzuwa. Kumene nkhope yanu yayang'ana ndiko kumpoto. Akakuuzani kuti "Bwana, nyumba ikhala yopotoka," ayankheni kuti khomo ndi kanjira zikhoza kulunjika kumsewu, koma makoma atsate dzuwa. Maziko akakumbidwa, mwayi umenewu wapita.

3. Njerwa zosawotcha

Uvuni wa njerwa umadya mitengo ikuluikulu, nthawi zambiri yachilengedwe, ndipo pamene panakumbidwa dothi pamatsala maenje oswera udzudzu. Mu 2018 panakhazikitsidwa malamulo a bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC oletsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi zamalonda. Munthu womanga nyumba yake ali ndi njira zingapo: zidina, mdindo, mabuloko a simenti, kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zopanikizidwa pa makina.

Ine ndimalimbikitsa zomalizazi, ngati makinawo angabwerekeke m'dera lanu. Zimatuluka zofanana ndi zosalala, sizidya matope ambiri pomanga, ndipo khoma lake limachedwa kulowetsa kutentha kusiyana ndi buloko wa simenti wamphako. Koma zimalira dothi loyenera. Chotsani kaye dothi lapamwamba lachonde, limenelo ndi la kumunda. Tengani lapansi, muthire m'botolo loonekera mpaka theka, mudzazitse ndi madzi, mukhutchumule kwambiri n'kulisiya usiku wonse. M'mawa mudzaona mchenga pansi, dongo pamwamba. Mchenga uzichuluka, dongo likhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5. Katondo akachita dongo lambiri, onjezerani mchenga wa kumtsinje. Kawirikawiri ndowa imodzi ya simenti imakwanira ndowa 15 mpaka 20 za dothi losefa, koma umbani zochepa kaye muziyese. Njerwa zikatuluka pa makina muziike pamthunzi, muzifunditse pulasitiki kapena udzu, n'kumaziwaza madzi kwa masabata awiri. Zikhale pafupifupi mwezi zisanakwere pakhoma. Amene amaziyanika padzuwa tsiku lomwelo ndi amene amadzati njerwazi n'zosalimba.

Zidina ndi mdindo musazinyoze. Nyumba zotere zimazizira bwino masana n'kufunda usiku, bola madzi asazikhudze pansi ndi pamwamba.

4. Maziko ndi zomangira

Maziko akhale a miyala kapena mabuloko, omangidwa ndi simenti, ndipo atuluke pamwamba pa nthaka masentimita osachepera 30. Pamwamba pake yalani pulasitiki yakuda yochindikala musanayambe khoma, kuti chinyontho chisakwere. Fukulani zitsa zonse ndi chulu chilichonse chapafupi chifukwa cha chiswe.

Tili m'chigwa cha zivomerezi. Cha ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambiri. Pamwamba pa mawindo ndi zitseko pazungulire lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo, amene amisiri amati ring'ibimu. Mawaya omangira phaso azikike mwa lamba ameneyu. Denga losanjikizidwa miyala pamwamba silipirira mphepo ya mvula yoyamba.

5. Denga, siling'i ndi khonde

Lata lopanda siling'i limasandutsa chipinda kukhala uvuni mu Okutobala, ndipo mu Juni limadontha mame. Ngati mungathe, gulani malata owala kapena apakeni penti yoyera. Siling'i siyofunika kuti ikhale ya mabolodi a kusitolo ayi. Mphasa, bango kapena nsungwi zong'alula zimagwira ntchito bwino, bola zikhale zouma ndi zotetezedwa ku chiswe ndi anankafumbwe. Pakati pa siling'i ndi malata pakhale mpata, ndipo pamwamba pa makoma aafupi aja siyani timabowo totchinga ndi sefa kuti mpweya wotentha uzituluka, mileme ndi makoswe zisalowe.

Makolo athu sankazunguliza nyumba ndi khonde pofuna kukongoletsa chabe. Khonde limatchinga khoma ku mvula ndi dzuwa. Denga lituluke masentimita osachepera 60 mbali zonse, ndipo kumadzulo komanso kumene mumakhala masana lifike mita imodzi ndi theka, loimikidwa pa nsanamira. Mmisiri akafuna kupulumutsa malata pofupikitsa denga, mukanireni.

6. Mawindo

Chipinda chilichonse chikhale ndi potulukira mphepo pawiri, mbali zoyang'anizana, ndipo mawindo onse akhale ndi sefa wotchinga udzudzu kuti muzigona osatseka. Ku Nsanje, ku Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja mawindo akhale aakulu, denga lokwera. Ku Dedza, ku Mzuzu ndi kumapiri a ku Thyolo kumene kumawomba chiperoni, chepetsani mawindo a kumwera kochokera mphepo ya mwera, mukulitse a kumpoto kuti dzuwa la Juni lizilowa. M'kati pakani laimu kapena penti yoyera. Simudzayatsa babu masana.

7. Khitchini

Mphamvu zambiri zimene banja limagwiritsa ntchito sizipita ku mababu kapena wailesi. Zimapita pansi pa mphika. Pa mafuwa atatu moto wambiri umathawira m'mbali, utsi n'kumalowa m'maso ndi m'chifuwa mwa mayi ndi mwana amene wam'bereka. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dongo, imachepetsa nkhuni ndi utsi ndipo imayaka ndi tinthambi, zitsononkho ndi mapesi a nandolo. Kulinso mbaula zomangira pansi ndi zidina ndi matope, monga Changu Changu Moto imene inafala ku Nkhata Bay. Mayi amene aziphikapo ndiye asankhe pamene mbaula ikhale ndi msinkhu wake, chifukwa mbaula yosagwirizana ndi mthiko imasiyidwa sabata lomwelo.

Khitchini ikhale ndi windo ndi mpata pamwamba wotulukira utsi. Nkhuni zisungidwe pouma. Nyemba muziviike madzulo, m'mawa zikawira kwa kanthawi muphule mphikawo, muuike m'dengu loyalamo nsanza kapena bulangete lakale n'kuvindikira bwinobwino. Zimapsa zokha ndi kutentha komweko.

Chenjezo: musalowetse mbaula ya makala m'chipinda chotseka kuti muothe usiku. Mpweya wake sununkha ndipo umapha anthu ali m'tulo.

8. Madzi a padenga

Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweya mita imodzi ya denga imapereka lita imodzi. Denga la masikweya mita 60, m'dera lolandira mamilimita 800 pa chaka ngati Lilongwe, lingakupatseni malita oposa 35,000 mutachotsa otayika. Ikani magatala, ndipo madzi a mvula yoyamba muziwataya chifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi. Thanki ikhale yovindikira. Koma tisanamizane: banja la anthu 5, aliyense akamagwiritsa ntchito malita 20 pa tsiku, limamaliza thanki ya malita 5,000 m'masiku 50. Thanki imapumitsa amayi ndi atsikana ulendo wa kumjigo, siilowa m'malo mwa mjigo. Madzi akumwa muziwawiritsa kapena kuthira kolorini.

9. Chimbudzi

Chikhale kumunsi kwa chitsime, pamtunda wa mamita osachepera 30, chokhala ndi chivindikiro ndi mpondagiya pakhomo. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700. Chimbudzi cha maenje awiri osinthanitsa, chothira phulusa ndi dothi, chimapereka manyowa dzenje likapuma chaka chathunthu.

10. Tsopano werengani za sola

Tengani kope. Pa chipangizo chilichonse palembedwa mawati ake. Chulukitsani mawatiwo ndi maola amene chimayaka pa tsiku. Mababu 5 a LED a mawati 5, oyaka maola 5, ndi 125. TV ya mawati 40 kwa maola 4 ndi 160. Fani ya mawati 20 kwa maola 5 ndi 100. Wailesi ndi mafoni atatu tiike 60. Zonse pamodzi ndi 445, tingoti 450.

Kuno dzuwa lamphamvu timaliwerengera maola 5 pa tsiku. Mukagawa 450 ndi 5 mupeza mawati 90, koma magetsi ena amatayika m'mawaya, m'batire ndiponso panelo ikatentha, choncho gulani panelo ya mawati 150. Batire ya mavoti 12 yamtovu siifunika kutsika kupyola theka, ndiye pa nyumba imeneyi yoyenera ndi yolembedwa 100Ah kapena kuposerapo. Ya lithium ndi yodula pogula koma imakhala zaka zambiri. Batire ya galimoto sinapangidwire ntchito imeneyi ndipo siichedwa kufa.

Simbi, ketulo ndi hotipuleti zimadya mawati 1,000 kapena kuposa. Pa sola yaing'ono ngati iyi zisalumikizidwe. Firiji nayo payokha ikhoza kudya magetsi oposa zonse tawerengazi, choncho ngati mukuifuna, iwerengereni poyamba pomwe.

11. Kugula, kuika ndi kusamalira

Pamsika pali mapanelo olembedwa mawati amene alibe. Gulani kumene akupatseni lisiti ndi pepala la galanti, ndipo woika akhale ndi chiphaso cha bungwe la MERA. Pakati pa panelo ndi batire pakhale kontirola, pafupi ndi batire pakhale fyuzi. Mawaya oonda amatentha ndipo angayatse siling'i yanu ya bango.

Panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka pafupifupi madigiri 15: mbali yakumwera ikwere masentimita 25 pa mita iliyonse. Isagone pa lata, pansi pake pazidutsa mphepo. Mthunzi wa nthambi imodzi yokha umatsitsa kwambiri mphamvu ya panelo yonse. M'chilimwe muziipukuta fumbi ndi nsalu yofewa ndi madzi, m'mawa isanatenthe. Batire ikhale pamalo ozizira, opita mpweya, kutali ndi ana. Ikatha ntchito musaiswe kapena kuitaya kudzala, muli mtovu ndi asidi.

12. Mitengo

Kumadzulo kwa nyumba dzalani mango kapena mtengo wina wamthunzi, mamita angapo kuchokera pakhoma kuti mizu isasokoneze maziko. Kumpoto, kutsogolo kwa mapanelo, kukhale poyera. Bulugamu akhale kutali ndi nyumba ndi chitsime. M'malire a puloti ikani keshya, gilisidiya ndi nsungwi. Zimenezi mukadula zimaphukiranso, ndipo pakatha zaka zochepa nkhuni za mbaula yanu zizichokera pakhomo pomwepo. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo alangizi a zankhalango a m'dera lanu angakuuzeni kopeza mbande. Musadikire kuti nyumba ithe. Dzalani chaka chomwe mwakhoma zikhomo.